Kumene Madzi Amabisala

Anandituma ndi mapu ndi cholembera
kuti ndikawerenge mitsinje ya kwa Chulu.
Papepala inali mizere yabuluu,
yopyapyala ngati mitsempha ya padzanja.
Pansi ndinapeza mchenga wokhawokha,
wotentha mpaka nsapato kununkha mphira.

Unali Okutobala. Nyenje zikulira ngati zalipidwa.
Dambo lonse litapsa, kutatsala ziputu zakuda
ndi zulu zoimirira ngati anthu odikira matola.
Kum'mawa, phiri la Kasungu lokhalokha,
lotuwa ndi utsi wa lupsa.
Ndinayenda mmawa wonse,
ilo osasendera, osathawa.

Ndinamupeza pansi pa muwanga,
Lufeyo Kamzati, mbusa wa ng'ombe za eni,
makumi anayi ndi zitatu,
yake palibe ngakhale mchira.
Anagwira pepala langa chozondoka,
nkuliyang'ana nthawi yaitali, nkundibwezera.
"Mwajambula bwino," anatero,
"koma mtsinje uwu unasamuka chaka cha njala ija.
Tsopano umazungulira kuseri kwa nkhadze zija."

Tinatsika pagomo, ng'ombe patsogolo,
nthiti zikuwerengeka, malinunda atagwera mbali,
fumbi likutilowa m'mano.
Iye akuloza ndi ndodo makwawa opanda dzina m'buku langa:
aka ndi Kataya Nkhwangwa,
mkulu wake anawoloka ndi nkhwangwa, anatuluka chimanjamanja;
ako ndi Kalira Usiku,
umamva madzi pansi pa miyala koma sungawaone;
apa, pouma gwa pamene mwapondapa,
panamira thole mu Januwale,
bwana anamudula malipiro a miyezi itatu.
Anaseka ponena zimenezi. Ine sindinaseke.

Pokhota mtsinje, pomwe mkuyu unaweramira,
anagwada.
M'thumba anatulutsa mbale yachitsulo yopindika mlomo
nkuyamba kufukula.
Mchenga woyera, kenako wofiirira,
kenako wakuda, wozizira, wonunkha dzimbiri.
Mkono unalowa mpaka phewa.
Tinadikira.
Ndiye pansi penipeni panayamba kunyezimira,
pang'onopang'ono, ngati diso la munthu wodwala
likutseguka mbandakucha.

Ng'ombe sizinalimbirane.
Anaziitana imodziimodzi: Phulusa, Nyanga Imodzi, Wayilesi,
Wayilesi chifukwa siitseka pakamwa.
Yomalizira inamwa dzuwa litapendeka,
iye anamwa pambuyo pa zonse, m'mbale yomwe ija,
nkundipatsako. Anali ndi mchenga. Ndinamwa.

"Mukuona mtunda uwo, kuseri kwa waya wa paki?
Mvula ikagwa pamenepo imagawana ngati ana amasiye:
ina imatsikira kuno, kufuna Dwangwa,
ina imalowera ku Zambia yopanda chiphaso.
Kumeneko udzu ndi wofika m'chiuno,
koma ndi wa njovu.
Ife timangouwonera pawaya."

Ndinamufunsa ngati phiri lija analikwerapo.
Ayi, anatero, phiri ndi la kuyang'ana.
Likavala chipewa cha mtambo, masiku atatu sapita,
makwawa onsewa amadzuka usiku umodzi,
ofiira, aphokoso, atanyamula zitsa ndi mapesi,
ndipo mizere yanu yabuluuyo imanena zoona
kwa miyezi inayi.

Ku ofesi fomu inali ndi timabokosi tiwiri:
madzi alipo, madzi palibe.
Ndinakhala nayo mpaka magetsi anazima.
Mmawa ndinalemba m'mphepete, timalemba tating'ono:
alipo, mkono umodzi pansi,
kafunseni Lufeyo.

Anandibwezera fomuyo ndi inki yofiira.
Ndinaikonza monga anafunira.
Koma mchenga uja sunathe m'nsapato zanga;
lero lomwe ndinaukutumulira pakhonde,
ndipo mvula sinabwerebe.